Nambala ya 8,589,869,056: ili m'magulu ati, ndipo tingatsimikize bwanji?

Tiwerenge

Moni nonse akuluakulu a masamu. Nambala ndi iyi: 8,589,869,056. Akuti ndi perfect number, akuti ndi triangular, akutinso hexagonal komanso Harshad. Sindikufuna kumeza zimenezi osatafuna. Kodi munthu angatsimikize bwanji chilichonse mwa izi ndi cholembera ndi pepala? Chondizunguza kwambiri ndi cha perfect: kuti ndipeze ma factor ake onse (manambala oigawa popanda chotsala), ndiyenera kuyesa manambala kuchokera pa 1 mpaka mabiliyoni anayi? Funso lachiwiri ndi la kompyuta. Kapulogalamu ka C kowerengera ma factor kakumatulutsa −65,536 pamalo pa nambalayi. Chalakwika n'chiyani?

Chotsala

A Tiwerenge, mabiliyoniwo asakuopsezeni. Mayina mwatchulawo aikeni kaye pambali, muyambe mwaiphwanya nambalayo kuti muone ma prime (manambala oposa 1 ogawika ndi 1 ndi iwo eni okha) amene aipanga. Mukatero mayinawo azibwera okha limodzilimodzi.

Ikuthera ndi 6, ndiye kuti igawika ndi 2. Igaweni pakati, mupitirize mpaka itakana:

4,294,934,528
2,147,467,264
1,073,733,632
536,866,816
268,433,408
134,216,704
67,108,352
33,554,176
16,777,088
8,388,544
4,194,272
2,097,136
1,048,568
524,284
262,142
131,071

Yalola ka 16 n'kukana. Choncho nambala yathu ndi 2^16 × 131,071, kapena kuti 65,536 × 131,071. Ambiri amaphonya pamenepa powerenga mizere, n'kupeza 15 kapena 17, ndiye tsimikizani pobwerera: 131,072 × 65,536 ndi 8,589,934,592, mukachotsapo 65,536 kamodzi mwafika pa 8,589,869,056.

Ntchito yeniyeni yatsala pa 131,071. Kodi ndi prime? Simuyenera kuyesa mpaka theka lake. Ma factor amayenda awiriawiri: ikakhalapo yaikulu kuposa square root, ndiye kuti pali inzake yaing'ono yochulukitsana nayo, ndipo yaing'onoyo mudzakhala mutaipeza kale. 362 × 362 ndi 131,044, pomwe 363 × 363 ndi 131,769 yomwe yapitirira. Malire ndi 362. Ma prime osapitirira pamenepo alipo 72, yomaliza 359. Kugawa ka 72 pa pepala n'kotheka, koma n'kotopetsa, ndipo munthu akatopa m'pomwe amalakwitsa.

Njira yachidule ilipo chifukwa 131,071 si nambala wamba, ndi 2^17 − 1. Fermat anazindikira m'chaka cha 1640 kuti p ikakhala prime yoposa 2, prime iliyonse yogawa 2^p − 1 imakhala ya mtundu wa 2kp + 1. Kwa ife p ndi 17, ndiye tikufuna manambala a 34k + 1 osapitirira 362: 35, 69, 103, 137, 171, 205, 239, 273, 307 ndi 341. Chotsani omwe si ma prime. 35 ndi 205 agawika ndi 5, 69, 171 ndi 273 agawika ndi 3, ndipo 341 ndi 11 × 31 ngakhale imaoneka ngati prime. Atsala anayi okha. Kugawa ndi 103 kukusiya 55, ndi 137 kukusiya 99, ndi 239 kukusiyanso 99, ndi 307 kukusiya 289. Palibe yomwe yagawa popanda chotsala, choncho 131,071 ndi prime.

Tsopano ma factor onse ali poyera, m'mizere iwiri. Mzere woyamba ndi 1, 2, 4, 8, mpaka 65,536, onse pamodzi 17. Mzere wachiwiri ndi omwewo koma aliyense atachulukitsidwa ndi 131,071. Onse ndi 34, ndipo palibenso ina kwina kulikonse.

Kuwaphatikiza sikufuna kakyuleta. Onani kuti 1 + 2 + 4 ndi 7, yomwe ndi 8 kuchotsapo 1. Momwemonso mzere woyamba ukupereka 131,072 kuchotsapo 1, ndiye 131,071. Mzere wachiwiri ukupereka 131,071 × 131,071. Yonse iwiri ndi 131,071 × 131,072, zomwe ndi 17,179,738,112. Gawani pakati: 8,589,869,056. Ndiye kuti mukachotsa nambalayo mwini wake pa mndandanda, ma factor 33 otsalawo akaphatikizidwa akubweza nambala yomweyo, osapitirira, osaperewera. Tanthauzo la perfect number ndi limenelo, monga 6 ili 1 + 2 + 3 ndipo 28 ili 1 + 2 + 4 + 7 + 14.

Kulakwitsa kofala ndi kuphatikiza onse 34 n'kudabwa kuti yankho lawirikiza. Silinalakwe, mwangoiwala kuchotsa mwini wake.

Mayi Gawani

A Chotsala afotokoza bwino, koma 307 sanayenera kuvutika nayo. Pali sefa yachiwiri: prime yogawa 2^p − 1 ikagawidwa ndi 8 iyenera kusiya 1 kapena 7. 103 ikusiya 7, 137 ikusiya 1, 239 ikusiya 7, koma 307 ikusiya 3, ndiye yatuluka isanayesedwe. Magawo 72 asanduka atatu. Pa nambala yaing'ono ngati iyi phindu lake silioneka kwenikweni, koma pa zazikulu sefa imeneyi imachotsa pafupifupi theka la manambala oyenera kuyesa.

Ndilowe m'mayina enawo.

Triangular ndi nambala yomwe mungaipeze poyala timiyala m'mizere, woyamba kamodzi, wachiwiri tiwiri, wachitatu titatu, n'kumapitirira. Mizere ikakhala n, timiyala tonse ndi n(n + 1)/2. A Chotsala atipatsa kale 131,071 × 131,072 kugawa pakati, ndiye n ndi 131,071. Kunena kwina, mukaphatikiza manambala onse kuchokera pa 1 mpaka 131,071 mupeza nambala yanuyi. Mukakhala kuti simunaiphwanye, muyeso wake ndi uwu: ichulukitseni ndi 8, wonjezerani 1, muone ngati yankho lili square. Apa tikupeza 68,718,952,449, yomwe ndi 262,143 × 262,143. Chenjerani ndi kakyuleta yoonetsa madijiti khumi okha. Nambala imeneyi ili ndi madijiti 11, ndiye kakyuleta imaidula kumapeto, ndipo square root ingaoneke yathunthu pomwe siili. Chulukitsani pa pepala kuti mutsimikize.

Hexagonal ili ndi mtundu wa n(2n − 1). Ikani n kukhala 65,536, mupeza 65,536 × 131,071. Basi, palibenso chowonjezera.

Chomwe ine ndimachiona chokoma kuposa zonsezi sichili pa mndandanda wanu. Tengani manambala osagawika ndi 2, aliyense muchulukitse yekha katatu, muphatikize: 1 + 27 ndi 28. Wonjezerani 125 ndi 343, mwafika pa 496. Zonsezi ndi ma perfect number. Mukaphatikiza oyambirira n mwa njira imeneyi yankho limakhala n^2(2n^2 − 1). Ikani n kukhala 256: 256 × 256 ndi 65,536, ndipo kawiri kake kuchotsapo 1 ndi 131,071. Choncho 1^3 + 3^3 + 5^3 mpaka 511^3 ndi 8,589,869,056 ndendende. Zimagwira pa perfect number iliyonse yogawika ndi 2 kupatula 6.

Harshad ndi dzina lomwe sindiliona la phindu kwenikweni. Limangotanthauza kuti nambala ikugawika ndi zotsatira za kuphatikiza madijiti ake. 8 + 5 + 8 + 9 + 8 + 6 + 9 + 0 + 5 + 6 ndi 64, ndipo 64 ndi 2^6, yomwe ikulowa mu 2^16 popanda vuto. Ndiye inde, ndi Harshad. Koma khalidwe limeneli ndi la kalembedwe kathu ka madijiti khumi, si la nambalayo. Ilembeni mu binary, madijiti ake akupereka 17, ndipo 17 siigawa. Uperfect wake sungasinthe kaya muilemba bwanji. Pa mndandanda uliwonse wa makhalidwe a nambala, ndi bwino kumasiyanitsa ziwirizi: zochokera ku ma factor, ndi zochokera ku maonekedwe a madijiti.

64 yomweyo ili ndi ntchito ina. 6 + 4 ndi 10, 1 + 0 ndi 1, kusonyeza kuti nambalayi ikagawidwa ndi 9 imasiya 1, ndipo 3 siigawa. Ma perfect number onse ogawika ndi 2 amatero kupatula 6, ndiye ndi poyesera pachangu ngati mwakopera dijiti molakwika.

Palinso magulu omwe siilimo, ndipo kuiphwanya komweko kukuyankha. Si square, chifukwa 131,071 ikupezeka kamodzi kokha, pomwe mu square prime iliyonse imapezeka kawiri, kanayi, kasanu n'kamodzi ndi zotero. Ili pakati pa 92,681 × 92,681 ndi 92,682 × 92,682. Siingalembedwenso ngati ma square awiri ophatikizidwa, chifukwa 131,071 ikagawidwa ndi 4 imasiya 3 ndipo ili yokha yopanda inzake. Manambala ocheperapo omwe sagawana nayo factor iliyonse kupatula 1 alipo 32,768 × 131,070, kutanthauza 4,294,901,760, pang'ono chabe kuperewera theka.

Bit33

Ndiyankhe za −65,536. Masamu anu sanalakwe, koma chotengera chachepa. Mu binary nambalayi ndi ma 1 okwana 17 otsatiridwa ndi ma 0 okwana 16, ndiye ikufuna ma bit 33. Mu hexadecimal ndi 1FFFF0000. int, chotengera cha manambala athunthu mu C, pa makina ambiri ili ndi ma bit 32, ndipo nambala yaikulu kwambiri yomwe ingasunge ndi 2,147,483,647, kapena 4,294,967,295 ikakhala unsigned (yosasunga manambala ochepera 0). Mukaikakamiza, bit ya 33 imagwa, kutsala FFFF0000. Ikawerengedwa ngati unsigned imeneyo ndi 4,294,901,760, ikawerengedwa ngati int wamba ndi −65,536, zomwe mukuonazo. Mayi Gawani aona kuti 4,294,901,760 ndi yomwe angoipeza ija. Zonse ziwiri ndi 2^32 − 2^16, koma zangokumana panjira, musamangepo mfundo.

Kukonza kwake: gwiritsani ntchito uint64_t kapena unsigned long long. Musadalire long, chifukwa pa Windows imakhalabe ya ma bit 32 ngakhale makina ali a 64, pomwe pa Linux ya 64 imakhala ya ma bit 64, ndiye kapulogalamu kamodzi kangagwire uku n'kukanika uko. Yang'ananinso printf. Nambala ingasungidwe bwinobwino koma mukaisindikiza ndi %d mudzaonabe zolakwika. Pa unsigned long long lembani %llu.

Pali malo ena awiri pomwe zimasefukira mwakachetechete. Poyamba ndi muyeso woimitsira loop. Mukalemba i * i <= n pomwe i ndi int, zimasokonekera i ikafika pa 46,341, chifukwa 46,341 × 46,341 ndi 2,147,488,281, yomwe yapitirira malire. Inu muyenera kufika pa 92,681, ndiye i nayonso ikhale ya ma bit 64, kapena lembani i <= n / i. Kachiwiri ndi posungira zophatikiza, pomwe padzafika 17,179,738,112.

Mabiliyoni anayi aja musawayende. Yendani kuchokera pa 1 mpaka 92,681, ndipo i ikagawa n popanda chotsala, phatikizani i pamodzi ndi n / i. Muonetsetse kuti ziwirizi zikafanana muwerenge kamodzi. Pa nambala ino sizichitika popeza si square, koma mukadzayesa 36 mudzawerenga 6 kawiri. Mukasindikiza ma i opezeka mudzaona 1, 2, 4 mpaka 65,536, onse 17, ndipo anzawo 17 adzachokera ku n / i.

Ku Excel nambala ino ilowa bwino chifukwa ili ndi madijiti khumi. Koma Excel imasunga madijiti 15 okha, otsalawo imawasandutsa ma 0. Mukalemba perfect number yachisanu ndi chitatu, 2,305,843,008,139,952,128, idzasungidwa ngati 2,305,843,008,139,950,000 popanda chenjezo lililonse. Pa manambala otere Python ndi yosavuta chifukwa manambala ake athunthu amakula mmene akufunira, bola mugawe ndi // osati /, popeza / imasandutsa yankho kukhala float, yomwe imayamba kudumpha manambala mukapitirira 9,007,199,254,740,992.

Tiwerenge

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Ndiye kodi ndikatenga prime iliyonse p, n'kuwerengera 2^(p−1) × (2^p − 1), ndipeza perfect number nthawi zonse?

Chotsala

Ayi, ndipo dzenje limeneli lagwetsa anthu odziwa masamu kwa zaka mazana ambiri. Chofunika n'chakuti 2^p − 1 ikhale prime. Kuti zimenezi zitheke p iyenera kukhala prime, koma p kukhala prime sikokwanira.

Tengani p ya 11. 2^11 − 1 ndi 2,047, ndipo 2,047 ndi 23 × 89. Onani kuti 23 ndi 89 zonse ndi za mtundu wa 22k + 1, monga lamulo lija linenera. Nambala yomwe mungapange ndi 1,024 × 2,047, ndiye 2,096,128. Mizere ya ma factor sikhalanso iwiri koma inayi: wa 1, wa 23, wa 89 ndi wa 2,047. Onse akupereka 2,047 × 24 × 90, zomwe ndi 4,421,520, pomwe kawiri ka nambalayo ndi 4,192,256. Zapitirira, ndiye nambalayi ndi abundant, si perfect. Nayo p ya 23 imakanika, popeza 8,388,607 ndi 47 × 178,481.

Euclid ndiye anasonyeza kuti 2^p − 1 ikakhala prime, nambala yopangidwa motere ndi perfect. Euler anadzatseka mbali inayo: perfect number iliyonse yogawika ndi 2 iyenera kukhala ya mtundu umenewu. N'chifukwa chake tinganene motsimikiza kuti yanuyi ndi yachisanu ndi chimodzi pa zogawika ndi 2, pambuyo pa 6, 28, 496, 8,128 ndi 33,550,336, zomwe zikuchokera ku p ya 2, 3, 5, 7 ndi 13. Yosagawika ndi 2 palibe amene anaipezapo, ndipo Ochem ndi Rao anasonyeza m'chaka cha 2012 kuti ngati ilipo ndiye kuti imaposa 10^1500, choncho siingalowerere pa mndandanda wathuwu.

Pietro Cataldi wa ku Bologna ndiye amadziwika kuti anatsimikiza 131,071 m'chaka cha 1588, pogawa ndi ma prime mmodzimmodzi monga ndinayambira paja. Anatsimikizanso 524,287, ya p ya 19, yomwe imabala 137,438,691,328. Kenako anangoganiza kuti 23, 29, 31 ndi 37 nazonso zigwira, osaziyesa mokwanira, ndipo mwa zinayizo yoona inali 31 yokha. Nambala yanuyi inathetsanso chikhulupiriro chakale chakuti ma perfect number amathera ndi 6 ndi 8 mosinthana. Zinayi zoyambazo zimaonekadi choncho, koma 33,550,336 ndi 8,589,869,056 zonse zikuthera ndi 6.

Mayi Gawani

Ndiwonjezere chenjezo kwa a Tiwerenge, popeza kapulogalamu kali pafupi. Musayese manambala a 2^p − 1 ndi muyeso wa Fermat pogwiritsa ntchito 2. Muyesowo umati n ikakhala prime, 2^(n−1) ikagawidwa ndi n imasiya 1. Vuto n'lakuti p ikakhala prime, 2^p − 1 iliyonse imapambana muyeso umenewu, kaya ndi prime kaya ayi. 2,047 imadutsa bwinobwino ngakhale ndi 23 × 89.

Muyeso woyenera ndi wa Lucas-Lehmer. Yambani ndi s ya 4. Pa sitepe iliyonse chulukitsani s yokha, chotsanipo 2, gawani ndi 2^p − 1, musunge chotsala chokha. Chitani zimenezi ka p − 2. Mukathera pa 0 ndi prime, mukathera pena paliponse si prime.

Pa p ya 11 masitepe ndi 9: 14, 194, 788, 701, 119, 1,877, 240, 282, 1,736. Sinathere pa 0, ndiye 2,047 yagwidwa. Onani kuti muyesowu sukuuzani ma factor, ukungonena kuti alipo.

Pa p ya 17 masitepe ndi 15. Amayamba 14, 194, 37,634, 95,799, 119,121, ndipo atatu omaliza ndi 78,221, 130,559 ndi 0. Sitepe yomalizayo mungaichite m'mutu: 130,559 ndi 131,071 kuchotsapo 512, ndiye m'malo mochulukitsa nambala yaikuluyo chulukitsani 512 × 512, mupeza 262,144. Chotsanipo 2, mwapeza 262,142, yomwe ndi 131,071 kawiri ndendende.

Pa nambala yaing'ono chonchi magawo atatu aja ndi achangu kuposa masitepe 15. Mphamvu ya Lucas-Lehmer imaoneka pa zazikulu, chifukwa masitepe amakula molingana ndi p, osati molingana ndi nambalayo. Ndi umene umatsimikiza ma prime a GIMPS, gulu la anthu osaka ma prime a mtundu wa 2^p − 1 ndi makompyuta awo, kuphatikizapo 2^136,279,841 − 1 yomwe Luke Durant anaipeza mu Okutobala 2024. Ili ndi madijiti 41,024,320, ndipo inafikitsa ma prime odziwika a mtundu umenewu pa 52.

Bit33

Polemba Lucas-Lehmer, vuto la ma bit 32 lija libweranso, ndipo limabisala. 37,634 × 37,634 ndi 1,416,317,956, yomwe ikulowa mu int, ndiye masitepe anayi oyamba adzafanana ndi a Mayi Gawani. Wachisanu ndiye wosefukira, chifukwa 95,799 × 95,799 ndi 9,177,448,401. Mukaona kuti pambuyo pa 95,799 sipakubwera 119,121, vuto lili pamenepo. Ndi uint64_t mudzayenda bwino mpaka p ya 31, popeza square ya nambala ya ma bit 31 imalowa mu ma bit 62. Pa p ya 61 mudzafunika laibulale ya manambala aakulu monga GMP, kapena Python.

Chotsala muzichitenga pa sitepe iliyonse, osati kumapeto, chifukwa s ikasiyidwa madijiti ake amawirikiza pa sitepe iliyonse. Pa unsigned, s ikakhala 0 kapena 1 kuchotsapo 2 kumazungulira n'kupereka nambala yaikulu yabodza, ndiye wonjezerani kaye 2^p − 1 musanachotse. Ndipo 4 yoyambira ija musaiwerenge ngati sitepe. Mukaiwerenga, loop idzaima pa 130,559 n'kukuuzani kuti 131,071 si prime.